Chingwe cha Mfundo Imodzi

9 Febuluwale

Amake Kalaliki,

Moni kumeneko. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu, inu ndi alamu anga amene akukhala nanu masiku ano. Ine kuno ndiliko, kungoti msana wayamba kundikumbutsa kuti unyamata unatha. Dzina lanu ndalilemba pamwambapa, kenako ndakhala nthawi ndikungoliyang'ana. Sindikudziwa ngati mukufunabe kuitanidwa chonchi, koma ine dzina lina lokuitanirani ndilibe.

Miyezi inayi yatha chitisiyireni mwana wathu, ndipo foni yanga simukuyankha. Sindikukudzudzulani. Ndabwerera ku pepala ngati kale, ngakhale ndikudziwa kuti amene ankakulemberani mayankho, mpaka tinamutcha Kalaliki, ndi yemweyo wapitayu. Alamu akhoza kukugwirirani cholembera.

Nkhani ndi iyi. Kushopu kwathu kunabwera makina ochapira zovala amene mwini wake anawataya chifukwa pampu inafa. Abwana anati ndiwaphwasule tisungeko zitsulo. Ine ndinawapempha kuti andigulitse, ndipo ndawakonza ndekha pa nthawi yopuma masana. Akuyenda bwino, phokoso lake n'lochepa. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikusenza makina otere kukwera nawo masitepe a anthu ena, inu kumeneko mukuchapa zovala za anthu ena pamanja. Mwana uja anandilembera chaka chatha kuti zala zanu zimang'ambika ndi sopo mpaka kutuluka magazi, komanso kuti mabulangete mumafinya awiri, iye mbali ino inu mbali iyo. Tsopano mbali inayo akugwira ndani? Funso limeneli ndi limene landichititsa kugula makinawa.

Vuto ndi malo. Nyumba mukukhalayo sindinaipondepo, poti munasamukiramo ine ndili kale kuno. Ndimangodziwa zimene mwanayo analemba, kuti khitchini yake munthu ukatembenuka mofulumira umapepesa ndowa. Ndiye mu envelopumu ndaikamo chingwe, monga timachitira kuno tepi yoyezera ikasowa. Chili ndi mfundo zitatu. Kuchokera kunsonga kufika pa mfundo yoyamba ndi mmene makina amatulukira kuchoka kukhoma, yachiwiri ndi m'lifupi mwake, yachitatu ndi msinkhu wake. Muyende nacho m'khitchinimo muone pamene angakhale. Pakhale pafupi ndi mpopi, pafupi ndi paipi yotayira madzi, ndiponso pafupi ndi soketi yosanyowa. Mukapeza khoma loyenera, mudule chingwe china chotalika ngati khomalo, mumange mfundo pothera pake, munditumizire. Zotsalazo musiyire ine.

Ya lenti ndapatsira adalaivala a lole omwe ndimawatuma aja. Sopo ngakhale atakwera mtengo, gulani wosaluma m'manja.

Ndine mwamuna wanu.

14 Malichi

Amake Kalaliki,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndi kuti chifuwa cha alamu chinatha. Ine ndikudzuka, ndikugwira ntchito. Kalata yanu yafika Lachiwiri, m'zolemba za alamu, mizere isanu yokha, koma ndaiwerenga mpaka pepala lafewa. Mwati, "Malo palibe. Muli sinki, stovu, kabati ndi kathebulo pansi pa windo. Asavutike." Mawu otsirizawo andilasa. Ndisavutike ndi inu, ndiye ndivutike ndi ndani?

Koma zoti malo palibe, pamenepo ndiye mwalowa m'munda mwanga. Mawu amenewo ndimawamva tsiku ndi tsiku, ndipo sindinabwererepo ndi makina. Sabata yatha tinakwera nawo ena mpaka nsanjika yachisanu, kwa mayi wina wokalamba wokhala yekha. Khitchini yake chitseko sichitseguka chonse chifukwa chimagunda fuliji. Abwana anasuzumira, n'kupukusa mutu.

"Apa sizitheka. Titsike nawo basi."

Ine ndinati, "Bwana, msana wangawu unavomera kukwera nawo. Zotsika nawo sitinapangane."

Ndinagwada, ndinachotsa zitseko ziwiri za kabati ya pansi, ndinadula shelefu, ndinasuntha paipi pang'ono. Makina analowa, kutsala mpata wa chala chimodzi mbali iliyonse. Mayiwo anandipatsa tiyi m'kapu yawo yabwino, ati manja anga ndi anzeru. Ndinamwa tiyiyo ndikuganiza kuti manja anzeruwa sanakhomepo ngakhale msomali umodzi m'nyumba mwanu.

Ndiye tiyeni tione. Sinki siisuntha, stovu siisuntha, kabati mukuifuna. Chatsala ndi kathebuloko, ndipo poti kali pansi pa windo, ndikuganiza kuti kali pafupi ndi sinki, pamalo enieni amene tikufuna. Kathebulo n'kachani m'khitchini yopanikiza chonchi? Zodulira anyezi mukhoza kudulira pamwamba pa makina, ndi posalala bwinobwino. Katulutseni. Mukaike pakhonde, kapena mupatse ana a eni nyumba azisewerera. Ngati miyendo yake ikadali yolimba, kagulitseni, musamasunge zinthu zongodya malo. Mukatero muyeze khomalo ndi chingwe monga ndinanenera.

Pakadali pano makinawo ali m'chipinda mwathu muno, pakati pa bedi langa ndi la Wamagetsi, mnzanga amene timagawana lenti. Tikudyera pamwamba pake. Iye sakundipumitsa. Dzulo wati, "Achimwene, akazi anu achiwiriwa azigona muno mpaka liti? Kulankhula salankhula, kuphika saphika, malo okha ndiye amatenga." Ndinaseka kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro, kenako ndinachita manyazi kuti ndaseka.

Mupereke moni kwa alamu. Ndikudikira chingwe.

Mwamuna wanu.

27 Epulo

Amake Kalaliki,

Kaya muli bwanji, poti woti andiuze palibe. Ine ndinagona masiku atatu osapita kuntchito. Tinkatsitsa makina akale pa masitepe opota, mnzanga wakutsogolo anaterereka, kulemera konse kunabwera kwa ine. Tsopano ndikuyenda, koma nsapato ndikumanga nditakhala pansi. Musade nazo nkhawa.

Masabata asanu ndi limodzi apita, kalata ayi, chingwe ayi. Adalaivala abwera kawiri. Ulendo wachiwiriwu ndinawafunsa ngati munawapatsira kanthu. Anayang'ana matayala a lole yawo, n'kunena kuti, "Mayi aja analandira envelopu, anati zikomo, anatseka chitseko." Ndikuuzeni zoona, mtima wandipsa. Ndalakwanji? Amuna anzanga kuno akalandira malipiro amathera kumowa ndi kwa akazi, ena anaiwala ndi msewu wa kwawo womwe. Ine chaka ndi chaka ndimadya kamodzi patsiku kuti inu musagone panja. Ndapeza chinthu choti chipumitse manja anu, ndiye mukundiyankha ndi chitseko. Kodi thebulo lamatabwa likhale lofunika kuposa zala zanu?

Ndikudziwa chimene chili kumtima kwanu, ngakhale simukuchinena. Mukuti sindinabwere. Inu simukudziwa mmene zinthu zilili kuno. Mwezi uno anthu a yunifolomu ofunsa mapepala alowa kawiri mumsewu mwathu, ndipo anzathu awiri amene tinkagula nawo buledi m'mawa sitinawaonenso. Munthu wa mapepala ngati angawa akatuluka m'dziko muno, chipata cha pamalire chimatsekeka kumbuyo kwake. Ndikanabwera, lero bwenzi tonse tikuchapa mabulangete a anthu. Zina sindingalembe papepala, tidzakambirana pamaso.

Makinawo ndawatumiza. Sindikanadikiranso, chifukwa eni nyumba kuno ayamba kufunsa ngati tatsegula shopu m'chipinda. Ndawakulunga m'makatoni ndi bulangete langa limodzi. Adalaivala adzafika nawo mpaka pakhomo, ndawalipira kale, musawapatse kanthu. Asawagoneke cham'mbali powatsitsa. Ngati kathebuloko simunakachotsebe, aimike kaye pamalo osafika mvula.

Pepani kuti ndalemba mokalipa. Msana ukamawawa, pakamwa pamatuluka zambiri. Koma ndiyankheni, ngakhale kukhale kunditukwana.

Mwamuna wanu.

19 Meyi

Amake Kalaliki wanga,

Moni wa chimwemwe. Ndikhulupirira muli bwino, ndipo ine lero ndili bwino kuposa masiku onse a chaka chino. Adalaivala andipatsa envelopu yanu m'mawa uno pageti la shopu. Kalata munalibe, koma chingwe chinalimo, chopindidwa bwino, cha mfundo imodzi. Sindikudandaula za kalata. Ndikudziwa kuti kulemba kumakuvutani, ndipo chingwechi chandiuza kuti mtima wanu wayamba kutsika.

Ndinathamanga nacho kukachiyala pa benchi, n'kukoka tepi. Masentimita 146. Amayi inu, ndiye mumati malo palibe? Anthu kuno amalira kuti apeze 65. Tamverani masamu ake. Makina atenga 60. Tisiye 5 mbali ya khoma kuti asamagunde akamazungulira mwamphamvu, ndi 5 mbali inayo ya mapaipi. Patsala 76. Pamenepo pakhoza kukhala basiketi ya zovala ndi ndowa ya sopo. Ndipo ngati kathebulo kanu kaja mukukakonda kwambiri, kayezeni. Kakakhala kosapitirira 70, kakhoza kutsala pompo, aliyense akhale ndi pake. Mwaona? Tinkakangana ndi chinthu choti chingwe chikanatiweruza kalekale.

Ndinawaonetsa abwana. Anati, "Mkazi wako amayeza bwino kuposa anyamata anga onse. Taona mfundo yake, yolimba ngati yomanga kalipentala." Ndinanyada.

Tsopano mverani bwino. Muitane pulambala, osati wongodziwa kumata mipopi ndi mphira ayi, weniweni. Aike kampopi kakekake ka makina pansi pa sinki. Paipi yotayira madzi ikwere kaye kufika m'chiuno mwa munthu isanatsike, apo ayi madzi azituluka okha makina akuchapa. Chachikulu ndi ichi: kumbuyo kuli mabawuti anayi amene ndinamanga kuti mgolo wam'kati usagwedezeke panjira. Awachotse asanayatse. Akaiwala, makinawo adzavina mpaka kutuluka pakhomo. Sipanala yake ndinaimata ndi tepi mkati mwa chitseko. Miyendo imapotoka, aipotoze mpaka kapu ya madzi ikhale pamwamba osapendekeka.

Adalaivala akuti anawapeza akadali pakhonde, mutawafunditsa pulasitiki. Mwachita bwino, koma asakhalitsepo, chinyezi chimadya mawaya. Tsiku loyamba muyambe ndi bulangete lalikulu lija, inu mukhale pampando muzingoonerera. Ndikanakonda nditaona nkhope yanu tsiku limenelo.

Chingwechi ndachipachika pa msomali kumutu kwa bedi langa.

Mwamuna wanu wokukondani.

2 Juni

Amake Kalaliki,

Sindikufunsani ngati muli bwino, chifukwa ndikudziwa chimene kalata yanga yapitayi yakuchitani. Ine moyo ulipo, poti munthu safa ndi manyazi.

Alamu anandiimbira Lachisanu masana, ndili m'chipinda chosungira katundu kushopu. Anati, "Alamu, kalata yanu ija ndinayamba kuwawerengera achemwali. Nditafika pa masamu paja ndinaleka."

Ndinafunsa kuti, "Bwanji, ndaphonya penapake?"

Anati, "Chingwe chija si cha khoma. Ndi chimene kalipentala anamuyezera mwana popanga bokosi. Achemwali anachitola pansi tsiku lomwelo n'kuchisunga. Kalata yanu yokalipa ija itafika, anachitulutsa. Anati, bamboyo poti amakonda zoyezayeza, mutumizireni ayeze mwana wake."

"Nanga osalembapo mawu bwanji?"

"Anandiletsa. Ndipo kathebulo mukuti kagulitsidwe kaja ndi ka mwanayo. M'nyumba monse muja kuwala kumalowa bwino pa windo lokhalo. Homuweki ankalembera pamenepo, makalata anu onse aja ankalembera pamenepo. Mabuku ake akadali mmene anawasiyira, pensulo ili pakati pa tsamba. Achemwali amapukuta fumbi mozungulira, osasuntha kanthu."

Foni itaduka ndinapempha abwana kuti ndituluke. Ndinapita kuchipinda kwathu, ndinachotsa chingwe pa msomali paja. Ndinaponda nsonga yake ndi chala cha kuphazi, n'kuchikoka m'mwamba motsata thupi langa. Mfundo inafika pachifuwa. Ine ndinasiya mwana wondifika pa lamba, wa zaka zinayi, woti ndikamunyamula ankandigwira makutu. Kuchoka pa lamba kufika pachifuwa, zonsezo sindinazione. Ndipo ine ndinatenga msinkhu wa mwana wanga n'kuugawa, uku makina, uku basiketi, uku ndowa ya sopo, mpaka kukaonetsa abwana monyada. Ndinalira mokweza, mayi wa chipinda choyandikana nafe mpaka anabwera kudzagogoda.

Ndinalemba kuti zina tidzakambirana pamaso. Ndinene pano. Za mapepala ndi zoona, koma si zonse. Mutandiuza kuti mwana wagonekedwa m'chipatala, ya basi ndinali nayo. Wamagetsi anandiuza kuti, "Nyamukani lero, achimwene, ntchito ndi ya eni ake." Ine ndinati ndidikire mwezi uthe. Mwezi utatha ndinati ndidikire sabata imodzi, poti munati wayamba kudya. Zengerezu adalinda kwaukwau, ndipo zengerezuyo ndine. Uthenga womaliza utafika, ndikanathabe kupeza maliro, koma ndinachita mantha. Ndinaopa maso anu, ndinaopa kuona m'bokosi mwana woti sindimuzindikira. Tsiku limene munkamuika m'manda ine ndinapita kuntchito. Ola lomwelo ndinali chogwada m'khitchini mwa munthu wina, ndikupotoza miyendo ya makina kuti akhale bwino.

Kathebuloko musakakhudze. Mawu ndinalemba aja akanakhala ofufutika ndikanawafufuta ndi lilime. Sindikupempha kuti mundikhululukire, chifukwa sindikudziwa ngati zotere zimakhululukidwa. Ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo mundiyankhe inu nomwe, ngakhale zilembo zikhale zokhota. Masiku ake otsiriza aja, kodi anandifunsa? Musandinamize pofuna kundimvera chisoni.

Ndine, ngati mukulolabe, mwamuna wanu.

11 Ogasiti

Amake Kalaliki,

Moni. Alamu akuti mwakhala mukudwala mutu, ndikhulupirira tsopano mwapezako bwino. Ine msana sunasinthe, koma ndikutha kuyenda.

Ndadikira miyezi iwiri, ndipo ndinali nditavomereza kuti simudzayankha. Dzana kalata yanu yafika, yolemba inu nomwe, zilembo zikuluzikulu zotsamirana. Ndikudziwa kuti inakutengerani masiku. Ndiilembenso pano kuti muone kuti ndaimva yonse, sindinadumphe mzere.

"Sanafunse. Anafunsa madzi, anafunsa ine, anafunsa ngati anzake ayamba mayeso. Za inu anasiya kufunsa chaka chija munati mubwera pa holide, iye n'kukhala pageti masiku atatu atavala diresi yatsopano. Makalata ankalemba chifukwa ndinkamutuma ndine. Zoti akukusowani zija ndinkamuuza ndine kuti alembe. Makina ali pakhonde. Kathebulo sikachoka."

Zikomo kuti simunandinamize. Makalata ake onse ndili nawo m'chikwama, makumi atatu ndi imodzi, ndipo ndawawerenganso. Tsopano ndikutha kumva pamene akulankhula iye ndi pamene mukulankhula inu. Iye ndi uja wa ndowa yopepesedwa, wa aphunzitsi oyetsemula ngati mbuzi, wa zala zanu zong'ambika. Analitu mwana wanthabwala, wa maso akuthwa, ndipo ankalembera bwino munthu amene sankamudziwa. Koma ngati mawu oti tikukusowani anali anu, ndiye kuti zaka zonsezi munkandiitana, ine n'kumayankha ndi ma envelopu. Zimenezi zikundiwawa mofanana ndi zinazo.

Makinawo chitani nawo zimene mukufuna. Mukafuna gulitsani, mukafuna apatseni alamu. Akhozanso kukhala kuseri pafupi ndi mpopi wa panja, atawakhomera kadenga ka malata awiri, m'khitchini osalowa n'komwe. Aliyense amene awatenge mumuuze za mabawuti aja. Pepani, ntchito inandilowa m'magazi.

Loweruka ndinabweza yunifolomu ya kushopu ndi bokosi la zipangizo. Abwana anati, "Ukudziwa kuti ukawoloka sudzabwereranso? Kwanuko ukadya chiyani ndi msana umenewo?" Ndinawayankha kuti sindikudziwa, ndipo ndi zoona. Bedi ndamusiyira Wamagetsi. Wandiperekeza kukagula tikiti, njira yonse osanena nthabwala ngakhale imodzi.

Ndikwera basi ya Lachinayi, ndifika Loweruka chakumasana ngati pachipata sativuta. Musatume munthu wa ngolo kudepoti, ndikubwera manjamanja, kachikwama kamodzi basi. Sindikunena kuti mundikonzere pogona. Ndalankhula ndi achimwene anga, akuti ndikhoza kufikira kwawo mpaka inu mutanena maganizo anu, ndipo chimene mudzanene ndidzachilandira.

Pempho langa ndi limodzi. Ndisanapite kulikonse, mundiperekeze kumene mwana wagona. Ndikanatha kufunsa alamu kapena munthu wina aliyense, koma ndikufuna mukhale inu, chifukwa inu amakudziwani. Mukafika mukaime patsogolo, mukamuuze kuti munthu ali kumbuyo kwanuyu ndi ndani.

Ndine bambo ake a Kalaliki.